Nsapato ndi Baibulo pa ndandanda imodzi: malangizo kwa Mkhristu wofuna kuyamba kuthamanga

Kuthamanga ndi pemphero zimalimbirana nthawi imodzi, ya m'bandakucha. Munthu wa pantchito kapena wa geni ali ndi kampata kamodzi kokha, kuyambira kulira kwa tambala mpaka madzi osamba atenthe, ndipo akayamba kujoga chimene chimayamba kutayika ndi kuwerenga Mawu. Ena zili mwina: pa mapemphero sajomba, koma thupi lalemera, kuchipatala awauza za BP ndi shuga, ndipo akuchita manyazi kuvala kabudula n'kulowa mumsewu poopa kuti akumpingo ati alowerera. Malangizo awa ndi a onse awiri. Pemphero silingakuthamangireni makilomita amene simunawakonzekere, ndipo msewu sungakhale tchalitchi chanu. Chilichonse chimafuna nthawi yakeyake, choncho ntchito yoyamba ndi ya pepala ndi cholembera.

1. Lembani sabata yanu musanagule nsapato

Jambulani masiku asanu ndi awiri papepala. Yambani ndi za kumpingo zimene simungazisunthe: mapemphero a Lamulungu kapena Misa, pulakatisi ya kwaya, Mvano wa Lachinayi, mphakati, ovanaiti ngati mpingo wanu umachita. Kenako lembani ntchito ndi za pakhomo. M'mipata yotsalayo sankhani masiku atatu osatsatizana, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, mphindi 30 tsiku lililonse. Musazione kuchepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena 75 ngati ndi amphamvu monga kuthamanga. Mukazolowera, masiku atatu aja akufikitsani pamenepo.

Pa masiku atatuwo tcherani alamu mofulumirako ndi mphindi 15. Mphindi zimenezi ndi za Baibulo, muli chikhalire, zingwe za nsapato musanamange. Zoti "ndiwerenga ndikabwerako" sizichitika. Mumabwerako thukuta lili kamukamu, ana akufuna tiyi, nthawi ya minibasi yakwana, basi tsiku lapita.

2. Nkhani ya tsiku lopembedza ithetseni lero, osati pa tsiku la mpikisano

Mipikisano yambiri ikuluikulu imachitika Lamulungu m'mawa. London Marathon ndi ya Lamulungu. Comrades, ya makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, yomwe abale athu okhala ku Joni amaidziwa bwino, masiku ano nayonso ndi ya Lamulungu. Kwa a Seventh Day vuto lili Loweruka: parkrun, yothamanga makilomita 5 mwaulere m'mapaki a ku South Africa ndi Britain, imachitika Loweruka m'mawa. Mukayamba kukonda kuthamanga, funso ili likupezani ndithu.

Munthu amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi Eric Liddell wa ku Scotland. Pa Olympics ya 1924 ku Paris anakana kuthamanga mamita 100, womwe unali mtunda wake weniweni, chifukwa mipikisano yoyambirira inaikidwa Lamulungu. Anathamanga mamita 400 n'kupata mendulo ya golide m'masekondi 47.6. M'maulaliki nkhaniyi imamveka ngati anadzidzimuka atafika kale ku Paris, kenako Mulungu n'kuchita chozizwitsa. Zoona zake n'zakuti ndandanda anaidziwa kukadali miyezi ingapo, anasankha kale, ndipo miyezi imeneyo anaithera pokonzekera mamita 400. Phunziro lili pamenepo. Chikumbumtima chake chinagamula msanga, kenako miyendo inagwira ntchito. Chaka chotsatira anapita ku China kukatumikira ngati mmishonale, ndipo anamwalira mu 1945 mu ndende ya ku Weihsien momwe asilikali a Japan ankasungira alendo. Omwe anali naye anasimba kuti m'ndendemo anavomera kukhala oimbira masewera a achinyamata Lamulungu, ataona kuti popanda wamkulu ankangomenyana. Mpikisano wa mamita 100 anausiya chifukwa cha tsikulo, koma ana sanawasiye.

Inu muli ndi njira zitatu. Mutha kunena kuti tsiku lopembedza simuthamanga n'komwe, mipikisano mudzasankha ya masiku ena. Mutha kujoga pang'ono m'mamawa n'kukafika kutchalitchi nthawi yabwino. Kapena mutha kulola mpikisano umodzi kapena iwiri pachaka, tsikulo n'kupemphera madzulo, kapena kwa Akatolika kumva Misa ya Loweruka madzulo komwe iliko. Aroma 14:5 amati pa nkhani ya masiku aliyense atsimikize mumtima mwake. Funsani abusa kapena bambo mfumu, kambiranani ndi akunyumba, sankhani, ndipo wosankha zosiyana ndi zanu musamunene. Chimodzi chokha ndikukanizani: mtunda wautali wa sabata musauike Lamulungu m'mawa mapemphero asanayambe. Mukakhala pabenchi thupi lidzafuna malipiro ake, ndipo ulaliki usanafike pakati mudzakhala mukuwodzera pamaso pa mpingo wonse.

3. Kuchipatala ndi kumsika

Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, vuto la mtima, ndinu oyembekezera, kapena zaka zapitako ndipo mwakhala nthawi yaitali osachita masewera, kaonaneni ndi adokotala kaye.

Nsapato za pakaunjika zimagwira bwino ntchito mukadziwa kusankha. Kayeseni madzulo, mapazi atafufumako, mutavala sokosi zimene muzithamangira. Kutsogolo kwa chala chachikulu cha phazi kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja. Itembenuzeni muone kunsi: ngati yadyeka mbali imodzi, mwini wake woyamba anaipotoza kale ndipo ipotoza bondo lanu, isiyeni. Ipindeni, izipindika pomwe zala zimapindikira, osati pakati. Amayi agule bulaziya yogwira bwino. Pomwe khungu limakhulana pakani Vaseline. Wotchi yodula siikufunika.

4. Yambani ndi kuyenda, ndipo liwiro muliyeze ndi Pemphero la Ambuye

Sabata ziwiri zoyambirira chitani motere: yendani ndawala mphindi 5, kenako thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, bwerezani kasanu ndi kawiri kapena kasanu ndi katatu, malizani ndi kuyenda. Sabata zotsatira onjezani mphindi zothamanga n'kumachepetsa zoyenda: ziwiri ndi ziwiri, zitatu ndi ziwiri, zisanu ndi imodzi. Sabata ikakuvutani ibwerezeni, palibe akukuwerengerani. Ambiri amafika pothamanga mphindi 30 osaima pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi liwiro. Amachoka pakhomo ngati akuthamangitsidwa, pofika pa golosale yachiwiri ali wefuwefu, mawa lake miyendo yauma, sabata yachitatu nsapato zili pansi pa bedi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Makochi ali ndi muyeso wosavuta: pa tsiku wamba muzithamanga pa liwiro loti mungathe kuyankhula chiganizo chathunthu. Ngakhale akatswiri a mitunda italiitali, gawo lalikulu la tireningi yawo limakhala lofatsa chotere.

Mkhristu muyeso umenewu ali nawo kale pakamwa. Mukathamanga mphindi zingapo, nenani Pemphero la Ambuye motulutsa mawu, osati mumtima. Ngati mukutha kunena mzere wathunthu, n'kupuma, n'kunena wina mpaka Amen, liwiro lili bwino. Ngati mukudula mawu pakati, awiriawiri, n'kumameza mpweya musanafike pa chakudya chalero, mwathamangitsa. Bwererani m'mbuyo, ngakhale kuyenda kumene. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu paulendo uliwonse. Mukatero mwayeza thupi ndipo mwapemphera, koma linenedwe ngati pemphero ndithu, osati ngati kuwerenga manambala. Mukaona kuti lasanduka chida chabe, yezani liwiro ndi vesi ya nyimbo ya kwaya.

5. Zopempherera m'njira

Maganizo a munthu wothamanga amayendayenda, ndipo ukapanda kuwapatsa ntchito amapita ku ngongole ndi kwa amene anakulakwira dzulo. Apatseni ntchito isanakwane nthawi yotuluka.

Njira yoyamba ndi vesi imodzi. Pa mphindi 15 zija sankhani mzere umodzi, ulembeni pa kapepala kapena padzanja. Mphindi 10 zoyambirira muziubwereza mogwirizana ndi mapazi. Salimo 121 limakhala bwino kwa amene amathamanga moyang'ana Zomba, Dedza kapena Ndirande. Salimo 117 lili ndi mavesi awiri okha, mutha kuliloweza lonse paulendo umodzi. Yesaya 40:31 ndi Ahebri 12:1-2 aliyense amawathamangira, ndipo ndi abwino, koma musamangodya zomwezo. Tengani zimene mukuwerenga sabata imeneyo, ngakhale sizikunena za kuthamanga.

Njira yachiwiri, yomwe ine ndimaiona yokoma kuposa zonse, ndi kulola msewu ukuuzeni zopempherera. Mukamadutsa pa chipatala, odwala ndi anamwino a usiku amene sanaweruke. Pa sukulu, ana anu ndi aphunzitsi. Pa msika, amayi amene afika kale ndi madengu a tomato kusanache. Pa mjigo, pa polisi, pa nyumba imene mukudziwa kuti muli maliro kapena mkangano. Mukazolowera njira imodzi, malo aliwonse amakhala ndi pemphero lake ndipo simufunikanso kukumbukira kalikonse. Mumayambanso kuwapatsa moni anthuwo, zomwe wodutsa pa galimoto sachita.

Akatolika atha kunena kolona pa zala, chigawo chimodzi pa kamtunda kalikonse. Mikanda isiyeni kunyumba kapena m'thumba, manja akhale omasuka mukapunthwa.

Masiku okwera chitunda kapena othamanga mwamphamvu, musadzikakamize mapemphero ataliatali. "Ambuye, ndithandizeni" akwanira. Ndipo masiku ena ingokhalani chete.

Maso akhale otsegula, makutunso. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain magalimoto amayenda kumanzere, choncho inu thamangani kumanja kwa msewu, moyang'anizana nawo. Nyimbo zauzimu m'makutu onse awiri zimakubisirani belu la kabaza ndi njinga yamoto yobwera kumbuyo. Ikani khutu limodzi kapena zisiyeni. Kukadali mdima valani chowala, ndipo wina kunyumba adziwe njira imene mwalowera. Galu akakulondolani imani, musapikisane naye. Malo amene anthu amapitako kukapemphera, monga Njira ya Mtanda ya ku Michiru kapena phiri la Bunda, ndi okwera bwino ndithu, koma mukapeza anthu agwada, dutsani poyenda.

6. Kusala kudya, ovanaiti ndi mbale ya nsima

Apa ndi pomwe anthu achangu amadzipweteka. Lamulo ndi lalifupi: tsiku losala kudya ndi tsiku lopumula kapena longoyenda. Ngati mukusala osamwa ndi madzi omwe, musathamange n'komwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kwa a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga chenjezoli likhale lowirikiza. Thupi lopanda madzi pa dzuwa lotere limagwa, ndipo kugwa kumeneko sikuonjezera kanthu pa pemphero lanu. Ngati mpingo wanu umasala masiku ambiri otsatizana, monga amachitira ena mu Januwale, kapena mukusunga Lenti, chepetsani tireningi nyengo yonseyo, muzithamanga pang'ono mutamasula. Mpikisano musauike m'sabata zimenezo. N'chifukwa chake tinayamba ndi pepala.

Mukachezera ku ovanaiti Lachisanu, mtunda wa Loweruka m'mawa wafa. Kagoneni. Thupi limamangika pogona, osati mumsewu.

Baibulo lenileni silichita manyazi ndi zimenezi. Pa 1 Mafumu 18 Eliya anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu kuchokera ku Karimeli mpaka ku Yezireeli. Mutu wotsatira tikumupeza m'chipululu pansi pa kamtengo, watheratu, akupempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agonenso, n'kumudzutsanso kuti adye kachiwiri chifukwa ulendo unali wautali. Masiku ena mukamaona ngati mzimu wauma, pemphero silikutuluka, aliyense akukunyansani, yambani mwafunsa ngati mwadya ndi kugona mokwanira.

Zakudya zake ndi zomwe zili kale pakhomo. Ulendo wa mphindi 30 mutha kuuyamba mutangomwa madzi, kapena mutadya nthochi imodzi. Mukabwerako, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, kapena chikho cha thobwa. Masana nsima ndi nyemba, usipa kapena mazira, masamba osaiwala. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa. Mukathamanga mtunda wautali pa kutentha n'kutuluka thukuta lambiri, Thanzi ORS amathandiza kubwezeretsa mchere.

7. Ululu si mayesero a chikhulupiriro

Kuphwanya kwa minofu kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, pa bondo, pa msongolo kapena pa kakolo, umene ukukula mukamathamanga kapena kukutsimphinitsani, ukutanthauza kuti imani. Pumulani masiku angapo. Ukapanda kusintha pitani kuchipatala. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo muonedwe tsiku lomwelo. Thupi likatentha kayezetseni malungo, malizani mankhwala onse, ndipo mubwerere mumsewu mwapang'onopang'ono mphamvu zikabwerera. Akulu ampingo akupemphererani, inde, ndipo mwendo upumulebe. Pa 1 Akorinto 6:19-20 Paulo akuti thupi si lanu. Chinthu cha mwini sitichigwiritsa ntchito chitathyoka.

8. Pezani anzanu, makamaka a kumpingo

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anthu atatu kapena anayi okumana pa geti la tchalitchi Loweruka m'mawa akwanira kuyamba gulu. Pemphero lotsegulira likhale la mphindi imodzi, anthu asazizidwe ataimirira. Liwiro likhale la wochedwetsetsa, kapena othamanga kwambiri azibwerera kudzatenga otsalira. Woyandikana naye nyumba amene sapemphera nanu, kapena Msilamu mnzanu wa kuntchito, akafuna kubwera abwere, ndipo musamutchingire pakona ndi ulaliki iye ali wefuwefu.

Gulu limathetsanso nkhani ya zovala. Mayi wothamanga yekha atavala thalauza yothina amanenedwa. Amayi asanu a Mvano othamanga limodzi, ena atavala siketi kapena kabudula womasuka pamwamba pake, anthu amangowazolowera. Valani chimene chikumbumtima chanu chalola ndipo sichikukolani miyendo. Chitenje chofika kumapazi chimagwetsa.

Atsogoleri a mpingo asaone ngati izi n'zachibwana. Mu 1976 Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anapita kukaphunzitsa pa sukulu ya Katolika ya St Patrick's ku Iten, ku Kenya, asanakhalepo kochi. Anaphunzira poonerera ana a sukulu omwewo, ndipo m'manja mwake munadutsa akatswiri ambiri, kuphatikizapo David Rudisha amene anathamanga mamita 800 m'mphindi 1:40.91 ku London mu 2012. Zinayambira pa bwalo la sukulu ya mishoni, ndipo mabwalo otere kuno tili nawo ambiri, ena mbuzi zokha ndi zomwe zikudyapo.

9. Mpikisano woyamba

Mukafika pothamanga mphindi 30 mosavuta, lembetsani wa makilomita 5 kapena 10. Wa makilomita 21 udikire miyezi ingapo, ndipo marathoni yathunthu, makilomita 42.195, kapena Porters Race ya paphiri la Mulanje yoyambira ku Likhubula, zidikire mpaka miyendo itakhwima.

Paulo ankalembera anthu odziwa mipikisano. Pafupi ndi Korinto pankachitika masewera a ku Isthmia zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba. Pa 1 Akorinto 9:24-27 akuloza kudziletsa kwa othamangawo, osati mwayi wawo. Pa 2 Timoteo 2:5 akuti wopikisana savekedwa nkhata akapanda kutsata malamulo. Kwa ife zikutanthauza zinthu zooneka: osadula njira pomwe palibe woyang'anira, osakwera kabaza pakati pa mpikisano, osathamanga ndi nambala ya wina, osachepetsa zaka pa masewera a sukulu, osamwa mankhwala oletsedwa oonjezera mphamvu. Wina akakuuzani za mphini za liwiro kapena kachithumwa ka m'sokosi, mukudziwa kale yankho. Koma samalani kuti vesi yolembedwa padzanja isasanduke chithumwa chinanso. Pamzere woyambira pali Akhristu ambirimbiri, onse apemphera, ndipo woyamba kufika adzakhala mmodzi. Pemphererani mphamvu yomaliza, mtima wosachita nsanje, chitetezo cha onse amene ali mumsewu. Nambala imene mudzapeze idzachokera ku miyezi ija ya Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Ndipo pa 1 Timoteo 4:8 Paulo yemweyo akuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu, koma lochepa poyerekeza ndi kupembedza. Mukaona kuti mukudziwa nthawi yanu ya kilomita iliyonse koma simukukumbukira tsiku limene munakhala nawo pa mphakati, bwererani ku pepala lija mukalikonzenso.

Sabata ya mpikisano chepetsani tireningi ndi theka, ndipo masiku awiri omaliza mupumule. Usiku wake idyani zomwe munazolowera, konzani zovala, manganitu nambala pa malaya. Nsapato zatsopano ayi, sokosi zatsopano ayi. Idyani kaphala kapena buledi ndi tiyi kukadali maola awiri kapena atatu, fikani msanga kuti mupeze chimbudzi mzere usanatalike. Mfuti kapena wezulo ikalira, gulu lidzakukokani. Kilomita yoyamba ithamangeni mofatsa kuposa mmene mtima ukufunira, ndipo muyese Pemphero la Ambuye lija. Likatuluka lathunthu, pitirizani chomwecho mpaka theka, kenako muonjezere ngati miyendo ikulola. Pa malo omwera madzi imwani pang'ono, thokozani amene akupatsaniyo. Mukafika kumapeto musakhale pansi nthawi yomweyo: yendani mphindi zingapo, imwani madzi, idyani nthochi, ndipo mubwerere m'mbali mwa msewu kukachemerera a gulu lanu amene akubwerabe.